Asanakweze magetsi amafunsa: amayankha ndani?

Achemwali anga ali ndi chigayo pa kamsika kena m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre. Makina ndi awiri, chokonola ndi chogaya, ndipo onse amayendera magetsi. Sabata yoyamba ya Sepitembala 2023 ndidawapeza pakhomo pa chigayocho akufufuta mitengo pa kabolodi kawo n'kumalemba ina ndi choko. Amayi atatu omwe adafika ndi matumba pamutu adangoima chilili, maso pa bolodi.

"Mayi, mwakwezanso?" adafunsa mmodzi, thumba lisanatulidwe n'komwe.

"Si ine amayi, ndi mayunitsi," adayankha achemwali. "Ndalama yomwe ndimagulira masiku onse, lero yabweretsa ochepa."

Mayi uja adatula thumba lake, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Basi, boma likafuna lafuna."

Mawu amenewo adandilasa mumtima chifukwa ndinkadziwa chinthu chomwe mayiyo sankachidziwa. Miyezi yochepa chabe m'mbuyomo ndidaona chidziwitso m'nyuzipepala. Bungwe loyang'anira za mphamvu la Malawi Energy Regulatory Authority, lomwe tonse timangoti MERA, linkaitana anthu kuti akanene maganizo awo pa pempho la ESCOM lofuna kukweza mtengo wa magetsi. Ndidawerenga, ndidamva bwinobwino, koma sindidapite, sindidalembe kalata, ndipo ngakhale achemwali, omwe moyo wawo wonse uli pa mayunitsi, sindidawauze. Nkhani ino ndikulemba chifukwa cha mangawa amenewo.

Ambirife tikamva za lamulo timaganiza za Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, aphungu akukangana pa wailesi, sipikala akuwaletsa phokoso. Koma malamulo omwe amatikhudza tsiku ndi tsiku, ambiri sapangidwa m'nyumba imeneyo. Aphungu amapanga lamulo lalikulu, kenaka amapereka mphamvu kwa nduna kapena bungwe kuti lilembe timalamulo tofotokoza momwe zinthu ziziyendera. Gawo 58 la malamulo oyendetsera dziko lino limalola zimenezi, ndipo limati timalamulo totere tiziperekedwa ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu ationenso. Tikasindikizidwa mu Gazeti ya boma timakhala ndi mano ngati lamulo lina lililonse. Kulembetsa nambala ya foni kudadzera ku MACRA. Kunena kuti mafuta ophikira awa ndi oyenera kugulitsidwa, awa ayi, ndi ntchito ya Malawi Bureau of Standards. Mtengo wa petulo, dizilo, palafini ndi magetsi umalengezedwa ndi MERA. Akuluakulu a mabungwe amenewa sitimawavotera. Mwayi wokhawo woti munthu wamba awalankhule asanamange mfundo ndi pa nthawi imene iwo aima n'kunena kuti, "Tikufuna kuchita chakuti, inu mukuti bwanji?"

Ndikhazikika pa magetsi, poti ndiwo ndimawadziwa bwino, komanso ndipo pamene njira yofunsa anthu imaoneka poyera.

MERA idabadwa ndi lamulo la mu 2004. Ntchito yake ndi kuima pakati, mbali ino kampani yogulitsa magetsi yomwe ilibe wopikisana nayo, mbali inayo ife ogula omwe tilibe kwina kothawira. Wogulitsa tomato akakweza mtengo umapita pa benchi ina. Magetsi a pa nthambo alibe benchi yachiwiri, ndiye payenera kukhala wina woletsa wogulitsa kutchula mtengo uliwonse womwe wautulukira m'mutu. Kuyambira mu Januwale 2017 ntchito yopanga magetsi ku Nkula, Tedzani, Kapichira ndi Wovwe ili m'manja mwa kampani ya EGENCO. ESCOM imagula kumeneko, komanso kwa makampani ena monga omwe ali ndi minda ya sola ku Salima ndi ku Golomoti, n'kumagulitsa kwa ife.

Pakatha zaka zinayi zilizonse, ESCOM imalemba pempho lalitali lopita ku MERA. M'pempholo imafotokoza ndalama zomwe ikufuna kuti igule magetsi, ikonze nthambo ndi mathiransifoma, ilipire antchito, ibweze ngongole ndi kulumikiza makasitomala atsopano, kenaka imatchula kuti mtengo ukwere ndi zingati. MERA siyankha pomwepo. Imalengeza pempholo, imapempha anthu kuti atumize maganizo awo polemba, ndipo imachititsa misonkhano ya poyera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komwe akuluakulu a ESCOM amaima pamaso pa anthu kufotokoza ndi kuyankha mafunso. Pambuyo pake m'pamene bodi ya MERA imagamula.

Taonani manambala awa. Mu 2014 ESCOM idapempha kuti mtengo ukwere ndi 58 peresenti pa zaka zinayi, MERA idalola 37.28 peresenti. Mu 2018 idapempha 60 peresenti, idapatsidwa 31.8 peresenti, ndipo chaka choyamba mtengo udakwera ndi 20 peresenti. Ulendo wotsatira idayamba ndi pempho la 99 peresenti, kenaka idabwereranso ndi 69.7 peresenti, MERA n'kulola 50.8 peresenti pa zaka zinayi. Chigawo choyamba, cha 18 peresenti, chidayamba pa 1 Sepitembala 2023. Chimenecho n'chomwe chidafufutitsa choko pa bolodi la achemwali.

Sindinganame kuti kusiyana kwa zopemphedwa ndi zololedwa kudabwera chifukwa cha mawu a anthu okha. MERA ili ndi akatswiri ake owerengera, ndipo ena amanena kuti wopempha aliyense wochenjera amayambira pamwamba podziwa kuti amutsitsa, monga zimakhalira pogula mbuzi pamsika. Komabe taganizani mutakhala inu pa mpando wogamula. Pempho lofika mwakachetechete, popanda wolitsutsa, n'losavuta kulisainira. Pempho lomwe eni mafakitale aliwerenga tsamba ndi tsamba, a John Kapito a bungwe la ogula la CAMA alikalipira pa wailesi, atolankhani alemba mafunso omwe sadayankhidwe, limakukakamiza kufotokoza chifukwa chomwe walolera kwacha iliyonse. Ndipo m'chigamulo simukhala nambala imodzi yokha. Muli kugawa kwa mtolo: nyumba zilipire zingati, magolosale ndi zigayo zingati, mafakitale akuluakulu zingati. Muli mfundo yoti mayunitsi 50 oyamba pa mwezi azikhala otsikirako mtengo kwa ogwiritsa ntchito magetsi m'nyumba. Mulinso miyeso yomwe MERA imaikira ESCOM, monga kufulumira polumikiza omwe adalipira kale ndi kuchepetsa magetsi otayika m'njira, ndipo MERA imayenera kuona ngati zakwaniritsidwa. Pa zinthu ngati zimenezi m'pamene mawu a munthu wamba amalemera, chifukwa amene amadziwa ngati lonjezo lidafika kwa Jali kapena ku Nsundwe ndi wokhala komweko.

Vuto lake n'lakuti wokhala kwa Jali kapena ku Nsundwe safika pa misonkhanoyi. Misonkhano ili m'mizinda itatu, dziko lili ndi maboma 28. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenera kulipira basi, kugona panjira, n'kutaya tsiku la ganyu kuti akalankhule kwa mphindi zitatu. Chikalata cha pempholo chili m'Chingerezi, osatinso Chingerezi cha ku sekondale koma cha akatswiri a zachuma ndi mainjiniya, chodzaza ndi matebulo. Tsiku la msonkhano limagwa mkati mwa sabata, nthawi yomwe wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo ndi mwini chigayo ali pa ntchito. Choncho m'holo mumadzaza anthu omwe kubwera kumeneko ndi gawo la ntchito yawo: oimira makampani, a mabungwe, atolankhani. Si anthu oipa, ndipo ambiri a iwo amalankhula zoona. Koma makolo adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Woimira fakitale adzadandaula za fakitale. Sadzakumbuka kuti chigayo chikakweza mtengo, mayi wa ana asanu amasiya kukonoletsa n'kuyamba kugayitsa mgaiwa kuti alipire kamodzi.

Palinso gulu lina lalikulu lomwe limaganiza kuti nkhaniyi siyilikhudza. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti nyumba zowunikira magetsi m'dziko muno zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, ndipo kumidzi zinali zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ena onse angathe kunena kuti, "Za mayunitsi n'za a m'tauni." Koma mwa amayi atatu aja panalibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi babu m'nyumba mwake, ndipo onse adalipira mtengo watsopano tsiku lomwelo. Amaulipira potchajitsa foni, pometetsa mwana, powotcheretsa njinga, pogula shuga ndi sopo wopangidwa ndi makina. Komanso mtengo wa magetsi ukafika posapiririka m'tauni, anthu amazimitsa mbaula ya magetsi n'kuyatsa ya makala, ndipo makalawo amachokera m'mapiri a kumudzi kwa amayi omwewo. Ndalama za MAREP, ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi, nazonso zimatoleredwa kuchokera pa mtengo wa magetsi ndi wa mafuta. Wokwera minibasi aliyense amasonkha nawo, ndiye ali ndi ufulu wofunsa kuti mapolo adzafika liti kwawo.

Apa ndiyenera kuchenjeza, kuopa kuti wina angamayembekeze msonkhano nthawi iliyonse mtengo ukasintha. Pali kukwera kwina komwe kumangotsata masamu omwe adagwirizanidwa kale. Kwacha ikagwa kapena mitengo ya zinthu ikakwera mpaka kusintha ndalama zoyendetsera ntchito ndi 5 peresenti kapena kuposerapo, MERA ili ndi mphamvu yosintha mtengo wa magetsi popanda kuitana anthu. Mafuta a galimoto nawonso ali ndi masamu awo otero, otengera mtengo wogulira kunja, ndalama zowatutira kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, mphamvu ya kwacha ndi misonkho yosiyanasiyana. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo idatsatira pasanapite nthawi, ndipo panalibe holo yoti munthu akadandaulire. N'chifukwa chake msonkhano wa zaka zinayi uja ndi wofunika kuposa momwe umaonekera. Mtengo womwe umamangidwa pamenepo ndiwo maziko omwe kukwera kwina konse kumadzakhalapo. Ukaphonya pothira maziko, zaka zinayi zonse umangoona khoma likukwera.

Boma lokha lidaphunzirapo kuti kusafunsa anthu kuli ndi mtengo wake. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utangofika, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Jappie Mhango, idalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Cholinga chinali chabwino, kuteteza miyoyo. Koma amene adalemba malamulowo sadakhale pansi ndi mavenda, a kabaza, amayi ogulitsa mandasi ndi onse omwe chakudya cha madzulo amachipeza ndi ndalama ya tsiku lomwelo. Mavenda adatuluka m'misewu ku Blantyre ndi ku Mzuzu, akunena kuti njala iwapha matenda asanawapeze. Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, Jaji Kenyatta Nyirenda wa High Court adapereka chiletso atapemphedwa ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC ndi anthu ena. Mu Sepitembala chaka chomwecho majaji atatu adagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo china chomwe adatsindika n'chakuti boma silidakonze njira yoti osauka adye. Funso lomwe lidagwetsa ndondomeko yonse, loti "tidya chiyani", mayi aliyense wa mu msika wa Limbe akadalifunsa ulere pa tsiku loyamba akadapatsidwa mpata.

Nkhani ya majumbo ikuonetsa mbali ina. Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60, omwe amatseka ngalande ndi kupha ziweto zikawameza. Makampani opanga majumbo adathamangira kukhothi. Khothi lalikulu la apilo lidavomereza chiletso cha boma mu 2019, koma milandu ina idabadwanso ndipo zaka zidapitirira kutha majumbo ali mbwee m'misika. Kupita kukhothi ndi ufulu wawo, sindikuwalanda. Chomwe ndikuona n'chakuti wa ndalama mawu ake amamveka nthawi zonse: akapanda kumveka pa msonkhano, amakamveka kudzera mwa loya. Mlimi yemwe mbuzi yake idafa ndi jumbo m'mimba alibe loya. Iye mpata wake ndi umodzi wokha, wa nthawi yofunsa anthu ija, ndipo mpatawo ukakhala wachiphamaso ndiye kuti alibiretu.

Zachiphamaso ndidaziona ndi maso anga kumudzi kwathu. Kudabwera anthu a kampani ina yomwe idapatsidwa ntchito yokumba ngalande ya mapaipi a madzi. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zisanayambe pakhale kafukufuku woona momwe zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu okhudzidwawo afunsidwe. Tidasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo la a gulupu. Alendo adakhala pa mipando, ife pa mikeka ndi pa njerwa. Mnyamata wina adawerenga pepala la Chingerezi, mnzake n'kumamasulira mwachidule, mawu khumi akuwabweza atatu. A gulupu adathokoza chifukwa cha chitukuko, tonse tidaomba m'manja. Kenaka lidayamba kuyenda pepala loti aliyense alembe dzina kapena adinde chala, ndipo ambiri ankaganiza kuti n'la zakumwa zomwe zinali m'kreti pambali.

Pepala lija lisanafike kumapeto, agogo ena aakazi omwe adakhala kumbuyo adakweza dzanja. Adayamba ndi kupepesa, monga mwa ulemu wathu.

"Zikomo a gulupu, pepani ndilankhuleko ine wosaphunzira. Ana angawa akuti ngalande idzera kumunsi kwa dimba la sukulu. Kodi akudziwa kuti pamenepo tidaikapo ana athu kale, manda asanasamukire kutsidya?"

Pabwalo padati zii. Palibe mapu omwe adaonetsa manda amenewo, chifukwa mitumbira idafafanizika kalekale ndipo achinyamata ambiri sankadziwa. Alendo aja adayang'anana, mmodzi adatulutsa cholembera, napempha agogowo kuti akawalozere. Ngalande itadzakumbidwa idakhota, n'kudzera kumtunda. Tsiku limenelo ndidaphunzira zinthu ziwiri zomwe sizichoka m'mutu mwanga. Pepala la maina lija limakalowa mu lipoti ngati umboni woti mudzi udafunsidwa ndipo udavomera, ndiye munthu asamadinde chala asanafunse kuti akudindira chiyani. Ndipo mwa mawu onse omwe adalankhulidwa pabwalo paja, omwe adasuntha ngalande ndi a munthu yemwe adatchula malo enieni ndi chinthu chenicheni chomwe alendowo sakadachipeza m'mabuku awo.

Ku MERA, ku MACRA kapena ku khonsolo n'chimodzimodzi. Ukaima n'kunena kuti "zinthu zadula, tikuvutika", onse amagwedeza mutu chifukwa n'zoona, koma wolemba alibe choti alembe. Kufunsa anthu si chisankho choti mbali yochuluka ipambane. Makalata 500 onena chinthu chimodzi chopanda umboni angathe kulemera mochepa kuposa kalata imodzi ya munthu wodziwa zomwe akunena. Achemwali anga ali ndi kope lachikuto chofiira momwe amalembamo tsiku lililonse mayunitsi omwe agula, ndowa zomwe agaya ndi ndalama yomwe yalowa. Muli miyezi ya mu 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lonse, pomwe masamba ambiri ali ndi mzere umodzi wokha. Kope limenelo ndi umboni womwe katswiri wa ku ofesi alibe. Likadafika pa tebulo la ogamula, likadawaonetsa kuti 18 peresenti imasanduka makwacha angati pa ndowa ya chimanga, ndiponso kuti ndowa zimachepa bwanji mtengo ukakwera.

Kalata yothandiza siyifuna Chingerezi chapamwamba. Imanena kuti wolemba ndani ndipo amachita chiyani, mfundo iti ya pempholo ikumukhudza, zomwe waona ndi masiku ake ndi manambala ake, ndi chomwe akupempha kuti chisinthe. Kunena kuti "musakweze" kokha n'kosavuta kukukana, poti nthambo ndi mathiransifoma zimagulidwa ndi ndalama zakunja ndipo kampani yogulitsa motsika kuposa momwe yagulira imagwa, tonse n'kukhala mumdima. Koma kunena kuti "chigawo chachiwiri chisayambe mpaka malonjezo a chigawo choyamba ataoneka", kapena "zigayo za kumidzi zisaikidwe mulu umodzi ndi mabizinesi a m'tauni", ndi mfundo yomwe wogamula ayenera kuiganizira. Ndipo poti mutu umodzi susenza denga, eni zigayo a dera limodzi, komiti ya msika, gulu la banki m'khonde kapena bungwe la amayi a mpingo angathe kulemba kalata imodzi, onse n'kusainira, n'kusonkherana ya basi kuti mmodzi akaiwerenge pa msonkhano. Musaiwale kusunga kope lanu la kalatayo ndi tsiku lomwe mudaipereka.

Pali zida ziwiri m'malamulo athu zomwe anthu ambiri sadziwa kuti ali nazo. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso kuti ipereke zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chake chakhudza ufulu kapena zofuna za munthuyo. Chida chachiwiri ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, lomwe aphungu adavomereza mu 2016 koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Ndi lamulo limeneli mungathe kulembera bungwe la boma kupempha chikalata, mwachitsanzo lipoti la momwe malonjezo aja akwaniritsidwira, ndipo Malawi Human Rights Commission ndiyo imayang'anira kuti lamulolo likutsatidwa. Wosakhutira angathenso kudandaula ku ofesi ya Ombudsman osalipira kanthu.

Komatu mtolo wonse usagwere anthu wamba okha, ngati kuti vuto ndi ulesi wathu. Mabungwe a boma ali ndi ngongole yaikulu pa nkhaniyi, ndipo ngongole yoyamba ndi chilankhulo. Ngati uthenga wa katemera ndi wa chisankho umatheka kumveka m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena pa mawailesi a m'madera, pempho lokweza magetsi lingalephere bwanji kufupikitsidwa pa masamba awiri m'zilankhulo zomwezo? Mawailesi a m'madera alipo m'maboma ambiri, ndipo anthu amaimba foni usiku wonse pa nkhani za mpira ndi za maukwati. Pologalamu ya maola awiri, akuluakulu ali mu situdiyo, anthu akuimba, mlembi akulemba funso lililonse, ingafikire anthu ochuluka kuposa maholo atatu aja. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera alipo kale ndipo amakumana. Uthenga wa pa foni ungathe kulandiridwa ngati kalata.

Ngongole yachiwiri, yomwe kwa ine ndiyo yaikulu, ndi kuyankha. Chomwe chimagwetsa anthu mphwayi si kukanidwa ayi, koma kusadziwa komwe mawu awo adathera. Ku America, kuyambira mu 1946, lamulo limakakamiza mabungwe a boma kulengeza lamulo lomwe akufuna kupanga, kulandira maganizo a anthu, ndi kuwaganizira asanamalize, ndipo makhothi amatha kubweza lamulo ngati bungwe lanyalanyaza mfundo zikuluzikulu zomwe anthu adapereka. Ku Kenya, malamulo oyendetsera dziko a mu 2010 adaika kutenga mbali kwa anthu pa mndandanda wa mfundo zomangira dziko, ndipo makhothi kumeneko akhala akugwetsa malamulo chifukwa choti anthu sadafunsidwe mokwanira. Kuno kwathu kufunsa anthu kudamwazikana, pena lamulo limalamula, pena zimangodalira mtima wa bwana wa bungwelo. Ine ndikuona kuti tikufunika lamulo limodzi lokhudza mabungwe onse, lonena masiku omwe anthu ayenera kupatsidwa, zilankhulo zolengezera, ndi udindo wofalitsa chikalata chonena kuti: anthu adanena izi, tatenga izi, izi takana pa zifukwa izi. Munthu akawerenga kuti mfundo yake idakanidwa pa chifukwa chomveka, ulendo wina amabweranso. Akangomva chigamulo pa nkhani za 7 koloko madzulo osamva kanthu za zomwe adanena, amakauza anzake kuti kumeneko n'kotaya nthawi, ndipo anzakewo amamukhulupirira.

Ndidabwereranso ku chigayo patapita masabata angapo, ndipo ndidawafotokozera achemwali zonsezi, kuphatikizapo chidziwitso chomwe ndidachiona osawauza. Adandiyang'ana nthawi yaitali, ufa uli mbuu m'nsidze.

"Achimwene, ndiye mumadziwa?"

"Ndinkadziwa, achemwali."

"Tsiku lina mukadzaona, mudzandiimbire. Kope langali ndidzapita nalo ndekha."

Zaka zinayi zomwe zidayamba mu Sepitembala 2023 zikutha mu 2027, ndipo pempho lina lidzabwera nthawi imeneyo isanakwane. Inu a zigayo, ometa, owotcherera, osoka, ogulitsa nsomba za mufiriji, yambani lero kulemba mayunitsi omwe mukugula ndi maola omwe mwagwira ntchito. Inu omwe mumawerenga nyuzipepala ndi kuona zidziwitso pa foni, mukadzaona kuti MERA kapena bungwe lina lililonse la boma likuitana maganizo, musadzachite zomwe ndidachita ine. Kauzeni a kumsika, a ku mpingo ndi a kumudzi m'chilankhulo chomwe amamva, muwauzenso tsiku lomaliza kulandira makalata.